HIV ndi Edzi: Zomwe Zimachitika M'thupi Kachilombo Kakalowa

M'chaka cha 2024 kunamveka nkhani yomwe inafala msanga pa intaneti. Pa kafukufuku yemwe anachitika ku South Africa ndi ku Uganda, atsikana ndi amayi achichepere oposa 2,000 ankabayidwa jakisoni wa mankhwala otchedwa lenacapavir kawiri pa chaka, ndipo pamene zotsatira zinkalengezedwa panalibe ngakhale mmodzi mwa iwo amene anatenga HIV. Mu 2025 boma la America linavomereza jakisoniyu, kenako bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalimbikitsa mayiko kuti ayambe kumugwiritsa ntchito. Nkhaniyi pofika m'mafoni a anthu inali itasintha kale. Ena ankati katemera wa Edzi wapezeka. Ena ankati amene ali pa mankhwala atsala pang'ono kuchira, za kumwa mapiritsi tsiku ndi tsiku zatha.

Zonse ziwirizi n'zolakwika, koma sindingawadzudzule anthu amene anamva choncho. Ambiri tinauzidwa kuti HIV ndi yoopsa, tinauzidwa zoyenera kupewa, koma ndi ochepa amene anatifotokozera zomwe kachilomboka kamachita kakalowa m'thupi. Munthu akamvetsa chimenecho, mafunso ambiri amayankhika okha: chifukwa chake wina amakhala zaka zambiri osadwala, chifukwa chake mankhwala samasiyidwa, komanso chifukwa chake jakisoni uja si katemera.

Mayina awiri, zinthu ziwiri

HIV ndi kachilombo. Zilembo zitatuzi ndi chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kachilombo kofooketsa chitetezo cha m'thupi la munthu. Edzi, dzina lomwe linachokera ku zilembo za AIDS, ndi pamene thupi limafika chitetezocho chikagweratu, matenda osiyanasiyana n'kumalowa popanda chowatchinga. Munthu akhoza kukhala ndi HIV zaka makumi angapo osadwala Edzi, koma palibe amene angadwale Edzi alibe HIV.

Nanga n'chifukwa chiyani m'maganizo a anthu ambiri ziwirizi zimakhala ngati chinthu chimodzi? Mbiri yake ikufotokoza. Madokotala anaona matenda kaye asanadziwe chomwe chikuwayambitsa. Mu June 1981 bungwe loona za matenda la CDC ku America linalemba za anyamata asanu a ku Los Angeles omwe ankadwala chibayo cha mtundu wosowa, chomwe chimagwira anthu amene chitetezo chawo chatheratu. Dzina loti AIDS linabwera mu 1982. Kachilomboka kanapezeka mu 1983 ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, ndipo awiri mwa amene anakapeza, Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier, analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Dzina loti HIV linakhazikitsidwa mu 1986. M'zaka zoyambirirazo pafupifupi aliyense amene ankadziwika kuti ali nako anali atadwala kale kwambiri, ndipo kunalibe mankhwala. Anthu anaona maliro ambiri, ndipo zomwe anaonazo zinakhazikika m'mitima. Sayansi inasuntha kuchoka pamenepo, koma mantha a nthawi imeneyo adakalipo mwa ambiri.

Ponena za komwe kanachokera, akatswiri ataunika chibadwa cha kachilomboka anapeza kuti kholo lake ndi kachilombo ka anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi a kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Cameroon. Kanalowa mwa anthu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mwina kudzera m'magazi posaka ndi kusenda nyama, ndipo kanayamba kufala mumzinda wa Kinshasa cha m'ma 1920. Pali mitundu iwiri: HIV-1, yomwe ili padziko lonse, ndi HIV-2, yomwe imapezeka makamaka kumadzulo kwa Africa ndipo imawononga thupi pang'onopang'ono.

Kachilomboka kamafunanji m'thupi

HIV ili m'gulu la tizilombo totchedwa mavairasi. Tizilombo ta mtundu umenewu sitingathe kuswana patokha, timayenera kulowa m'selo la chamoyo china n'kugwiritsa ntchito zipangizo za selolo. Maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono tamoyo tomwe timapanga thupi, ndipo vairasi iliyonse ili ndi maselo amene imawakonda. Ya chimfine imakonda a m'mphuno ndi pakhosi. Tsoka la HIV n'lakuti imakonda maselo omwewo amene ntchito yawo ndi kutiteteza.

M'magazi mwathu muli maselo oyera, amene timakonda kuwatchula kuti asilikali a m'thupi. Asilikaliwa ali ndi maudindo osiyana. Ena amameza adani, ena amapanga zida zowagwirira, ena amapha maselo omwe alowedwa kale. Pakati pawo pali gulu lotchedwa CD4, lomwe tingati ndi akuluakulu a nkhondo: mdani akalowa, iwo ndi amene amamuzindikira, kuliza lipenga ndi kuuza magulu ena zochita. Akasowa amenewa, asilikali ena amakhalapo ndithu koma opanda wowatsogolera.

Pa chikopa cha HIV pali timinga timene timagwirizana ndendende ndi khomo lomwe lili pa maselo a CD4, monga momwe kiyi amalowera pa loko wake. Khomolo lili ndi loko wachiwiri, amene nthawi zambiri amakhala wotchedwa CCR5. Musunge dzina limeneli, tibwererako kumapeto. Maloko onse akatseguka, kachilombo kamakhuthulira zam'kati mwake m'selo.

Apa ndiye pali chinsinsi cha matendawa. Selo lililonse lili ndi buku la malangizo lotchedwa DNA, lomwe limauza selolo zoti lichite. HIV imabwera ndi malangizo akeake, olembedwa m'kalembedwe kena kotchedwa RNA, pamodzi ndi zida zitatu. Chida choyamba chimakopera malangizowo kuti akhale m'kalembedwe ka DNA. Chachiwiri chimadula buku la selo n'kumatamo tsamba latsopanolo, moti selo silithanso kusiyanitsa malangizo ake enieni ndi a mlendo. Kuyambira pamenepo selo limasanduka fakitale yopanga tizilombo tatsopano. Chida chachitatu chimadula ndi kukonza tizilombo tatsopanoto kuti tikhwime, tithe kukalowa m'maselo ena. Mwa munthu amene sakumwa mankhwala, tizilombo mabiliyoni timapangidwa tsiku lililonse, ndipo maselo a CD4 ambirimbiri amafa.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzikumbukira pa ndondomekoyi. Choyamba, chida chokopera chija chimalakwitsa kawirikawiri, kotero tizilombo tatsopano sitifanana ndendende ndi kholo lake, ndipo kusinthasintha kumeneku kumachititsa kuti thupi lizilephera kukagwira. Chachiwiri, maselo ena amene amatidwa tsamba lija sayamba kupanga tizilombo nthawi yomweyo. Amagona tulo, mwina kwa zaka zambiri, malangizo a HIV ali m'kati mwawo. Asilikali a m'thupi sawaona, ndipo mankhwala sawafikira. Maselo ogonawa ndi amene amachititsa kuti HIV ikhale ya moyo wonse.

Zaka zachete

Pakadutsa masabata awiri mpaka anayi chitengereni kachilombo, anthu ambiri amamva ngati chimfine kapena malungo: kutentha thupi, kupweteka pakhosi, kuphwanya m'thupi, zidzolo, mwanabele m'khosi kapena m'khwapa. Ena samva chilichonse. Zizindikirozi zimatha zokha, ndipo n'zosavuta kuziiwala. Komatu m'masabata amenewa tizilombo timakhala tochuluka kwambiri m'magazi, ndipo munthu amatha kupatsira mnzake mosavuta kuposa nthawi ina iliyonse, iye mwini asakudziwa.

Kenako thupi limadzuka n'kumenya nkhondo. Tizilombo timachepa, maselo a CD4 amakweranso pang'ono, ndipo munthu amabwerera mwakale. Amagwira ntchito, amanenepa, amabereka ana. Koma m'kati nkhondo siinathe. Tsiku lililonse maselo amafa, thupi limapanga ena, ndipo chaka ndi chaka opangidwawo amachepera pang'ono poyerekeza ndi akufawo. Zili ngati chiswe chomwe chalowa mu mzati wa nyumba: kunja mzati umaoneka wolimba, utoto wake uli bwinobwino, pomwe m'kati ukusanduka ufa. Popanda mankhwala, nyengo yacheteyi imatenga zaka 8 mpaka 10 mwa anthu ambiri. Ena imawatengera zochepa kwambiri, makamaka makanda, amene pafupifupi theka la iwo popanda thandizo samafika zaka ziwiri.

N'chifukwa chake mawu oti "akuoneka wathanzi, alibe" apweteketsa anthu ochuluka. HIV siioneka pankhope. Momwemonso munthu wowonda kapena wotsokomola akhoza kukhala kuti alibe kachilomboka n'komwe.

Edzi imayambira pati

Achipatala amawerenga maselo a CD4 mu kiyubiki milimita imodzi ya magazi, kadontho kochepa ngati mutu wa phini. Munthu wamkulu wathanzi amakhala nawo pakati pa 500 ndi 1,500. Akatsika pansi pa 200, kapena munthu akagwidwa ndi amodzi mwa matenda akuluakulu amene amadziwika kuti amabwera chitetezo chikagwa, pamenepo ndi pamene amati ndi Edzi.

Matenda amenewa amatchedwa otengerapo mwayi, chifukwa tizilombo take timakhala tili pafupi nafe kapena m'thupi mwathu momwe, tikungodikira kuti alonda afooke. Wamkulu wa onse ndi chifuwa chachikulu, TB, chomwe chimapha anthu amene ali ndi HIV kuposa matenda ena aliwonse padziko lapansi. TB imatha kugwira ngakhale CD4 isanatsike kwambiri, ndipo mwa munthu wofooka chitetezo siikhala m'mapapo mokha, imafika m'mimba, m'mafupa ndi mu ubongo. Palinso matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi wotchedwa cryptococcus, amene amayamba ndi mutu wosamva mankhwala. Pali chibayo, kutsegula m'mimba kwa masabata ambiri, zoyera m'kamwa ndi kummero zolepheretsa kumeza, khansa yapakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma, ndi kuwonda kosadziwika chifukwa chake. Mashingozi nawo amatha kukhala chenjezo loyambirira. Amayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero kuwirikiza kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi amene alibe, ndiye chifukwa chake amalangizidwa kuyezetsa khomoli pafupipafupi.

Popanda mankhwala, munthu amene wafika pa Edzi amakhala ndi moyo zaka pafupifupi zitatu, ena zochepa kuposa pamenepo. Koma chomwe ndikufuna chimveke n'chakuti kufika pamenepa sikutanthauza kuti zatha. Anthu ambiri anayamba mankhwala CD4 yawo ili pansi pa 50, akunyamulidwa, ndipo lero akugwira ntchito zawo.

Njira zomwe kamadutsa

HIV imapezeka yokwanira kupatsirana m'magazi, mu umuna, mu ukazi, m'timadzi ta kumatako ndi mu mkaka wa m'mawere. Kuti munthu atenge, timadzi timeneti tiyenera kulowa m'magazi ake, kaya pabala kapena kudzera pakhungu lofewa la kumaliseche ndi kumatako. Njira zake zazikulu ndi kugonana kosadziteteza, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pa nthawi ya pakati, pobereka kapena poyamwitsa, ndi kubwerekana singano zobayira. Kuikidwa magazi kunali njira ina, koma komwe magazi amayezedwa asanaperekedwe chiopsezochi n'chochepa kwambiri.

Sikuti kugonana kulikonse ndi munthu amene ali ndi kachilombo kumapatsira. Chiopsezo chimakwera tizilombo tikakhala tochuluka m'thupi la amene ali nato, pakakhala zilonda kapena matenda ena opatsirana pogonana monga chindoko ndi chinzonono, komanso pogonana kumatako, komwe khungu lake limachekeka mosavuta. Ichi n'chifukwa chake m'banja limodzi wina amatha kupezeka nako wina alibe, ngakhale akhala limodzi zaka zambiri. Zimachitikadi, ndipo pazokha si umboni woti chipangizo choyezera chalakwitsa kapena kuti amene alibeyo ndi wosagwidwa.

Kachilomboka sikadutsa m'malovu, m'misozi kapena m'thukuta. Kupatsana moni wa pamanja, kukumbatirana, kudyera mbale imodzi, kugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi, zonsezi sizipatsira. Funso la udzudzu limabwerabwera, ndipo n'lomveka popeza udzudzu umafalitsa malungo. Kusiyana kwake n'kwakuti kachilombo ka malungo kamakula m'thupi la udzudzu n'kufika m'malovu ake, pomwe HIV siingathe kuswana mwa udzudzu, imagayidwa m'mimba mwake. Ndiponso udzudzu ukaluma umalavulira munthu malovu ake, osati magazi a amene unamuluma poyamba.

Kuyezetsa, ndi masiku amene chipangizo sichiona

Zipangizo zambiri zoyezera mwachangu, zobaya pachala kapena zopaka m'nkhama, siziyang'ana kachilombo kenikeniko. Zimayang'ana zida zomwe thupi limapanga polimbana nako, zotchedwa ma antibody. Thupi limatenga nthawi kuti lipange zidazi zokwanira kuoneka, mwa ambiri masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, mwa ena mpaka miyezi itatu. Munthu amene wayezetsa m'kati mwa nyengo imeneyi akhoza kuuzidwa kuti alibe pomwe ali nako. Choncho ngati chochitika chokayikitsa chinali cha posachedwa, kuyezetsa kamodzi sikukwana, mpofunika kubwereranso.

Zotsatira zosonyeza kuti kachilombo kalipo sizikhazikika pa kuyeza kumodzi. Achipatala amatsimikiza ndi zipangizo zina za mtundu wosiyana, ndipo amene wadziyeza yekha kunyumba ayenera kukatsimikizira kuchipatala. Kwa makanda nkhani yake ndi ina. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV amabadwa ndi ma antibody a mayi ake, omwe amatha kukhala m'thupi lake mpaka miyezi 18, ngakhale mwanayo alibe kachilombo. Chifukwa cha ichi makanda amayezedwa ndi njira ina yofufuza kachilombo kenikeniko, kawirikawiri akakwanitsa masabata 4 mpaka 6, ndipo amayezedwanso akasiya kuyamwa.

Zomwe ma ARV amachita

Ma ARV ndi mankhwala oletsa HIV kuswana. Oyamba, otchedwa AZT, anavomerezedwa mu 1987. Ankathandiza kwa miyezi yochepa, kenako kachilombo kankasintha n'kusiya kuwamva. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1996, pamene zinatsimikizika kuti kuphatikiza mankhwala atatu nthawi imodzi kumakapanikiza kachilomboka mokwanira. Mukumbukire zida zitatu zija: mankhwala ena amatseka chida chokopera, ena chomata, ena chodula. Kachilombo kakhoza kusintha mwangozi n'kuzemba mankhwala amodzi, koma kuzemba atatu nthawi imodzi n'kovuta kwambiri. M'masiku amenewo anthu ankamwa mapiritsi odzaza dzanja, pa maola osiyanasiyana, ali ndi zovuta zambiri. Lero anthu ambiri padziko lapansi amamwa piritsi limodzi patsiku, lophatikiza tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir.

Kale munthu ankadikira kuti CD4 itsike kaye asanayambe mankhwala. Kafukufuku wamkulu wotchedwa START anasonyeza mu 2015 kuti kuyamba msanga kumachepetsa kwambiri matenda aakulu ndi imfa, ndipo chaka chomwecho WHO inalangiza kuti aliyense wopezeka ndi HIV ayambe mankhwala posatengera kuchuluka kwa CD4. Chiswe chikathamangitsidwa mzati usanadyeke, nyumba imakhala yolimba. Amene wayamba msanga n'kumamwa mokhulupirika akhoza kuyembekezera kukhala ndi moyo zaka zofanana kapena zoyandikira kwambiri za munthu amene alibe kachilombo. Ndiye mawu oti mankhwala otalikitsa moyo, amene tinawazolowera, ine ndimaona kuti amachepetsa ntchito ya mankhwalawa. Amamveka ngati akungowonjezera masiku ochepa kwa munthu amene akupita, pomwe zoona zake n'zakuti amabwezeretsa moyo wonse, wa ntchito, banja ndi ukalamba.

Chomwe ma ARV sachita ndi kufafaniza tsamba lija lomwe linamatidwa m'maselo ogona. Munthu akasiya kumwa, ena mwa maselowo amadzuka, ndipo m'masabata ochepa tizilombo timachulukanso m'magazi. Kumwa modumphadumpha kuli ndi vuto lake lapadera: mankhwala akachepa m'magazi, amakhala osakwanira kuletsa kuswana koma okwanira kusankha tizilombo tomwe sitiwamva, ndipo timeneto ndi timene timachulukana. Pamenepo munthu amafunika kusinthidwa mankhwala. Anthu amasiya pa zifukwa zenizeni, monga kutopa ndi kumwa tsiku ndi tsiku, kuopa kuonedwa, kuvutika maganizo, kutalika kwa ulendo wokatenga mankhwala, kapena kuuzidwa kuti achira. Amene wasiya akabwerera kuchipatala amayambiranso, ndipo kubwerera msanga kumapulumutsa zambiri.

Pali tinthu ting'onoting'ono tothandiza kudziwa. Mapiritsi a ayironi ndi kashiamu komanso mankhwala ena a chilungulira amatha kulepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'magazi akamwedwa nthawi imodzi, ndipo mankhwala a TB otchedwa rifampicin amafuna kuti mlingo wake uwonjezedwe. Choncho wachipatala ayenera kuuzidwa chilichonse chomwe munthu akumwa, kuphatikizapo zitsamba. Komanso ena amene ayamba mankhwala chitetezo chili chotsika kwambiri amayamba adwala kaye m'masabata oyambirira. Chimachitika n'chakuti asilikali akudzuka n'kuyamba kumenyana ndi matenda omwe anabisala. Zikatero mpofunika kuthamangira kuchipatala, osati kutaya mankhwala.

Tizilombo tikasiya kuoneka

Njira yodziwira ngati mankhwala akugwira ntchito ndi kuyeza viral load, kutanthauza kuchuluka kwa tizilombo mu mililita imodzi ya magazi. Mwa munthu amene sakumwa mankhwala tikhoza kukhala masauzande kapena mamiliyoni. Mwa amene akumwa bwino, kawirikawiri pasanathe miyezi isanu ndi umodzi timachepa mpaka makina amalephera kutiwerenga. Achipatala akati tizilombo sitikuoneka, sakutanthauza kuti munthu wachira, akutanthauza kuti tagonjetsedwa ndipo tikhalabe togonja malinga ngati mankhwala akumwedwa.

Apa pali mfundo yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa ya jakisoni ija, koma ambiri sanaimve. Munthu amene tizilombo take sitikuoneka sapatsira mnzake HIV pogonana. Kafukufuku wa HPTN 052 anasonyeza mu 2011 kuti kuyamba mankhwala msanga kunachepetsa kupatsirana m'mabanja ndi 96 peresenti. Kenako kafukufuku wa PARTNER ku Ulaya anatsatira anthu okondana, wina ali ndi HIV wina alibe, amene anagonana popanda kondomu maulendo masauzande ambirimbiri. Zotsatira zinatuluka mu 2016 ndi 2019, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anatenga kachilombo kwa mnzake pamene viral load inali pansi pa 200. Padziko lonse mfundoyi imadziwika ndi U=U, chidule cha mawu a Chingerezi onena kuti tizilombo tikakhala tosaoneka munthu sapatsira mnzake. Tanthauzo lake n'lakuti munthu amene ali ndi HIV akhoza kukwatira kapena kukwatiwa ndi amene alibe, n'kubereka ana opanda kachilombo. Malire ake ayenera kudziwikanso: zimadalira kumwa mankhwala mosadumphitsa ndi kuyezetsa viral load pa nthawi yake, ndipo sizitchinga mimba kapena matenda ena opatsirana pogonana.

Kwa mayi woyembekezera phindu lake n'lachiwiri. Popanda thandizo lililonse, ana 15 mpaka 45 pa 100 alionse obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV amatenga kachilombo. Mayi akamamwa mankhwala pa nthawi ya pakati ndi yoyamwitsa, mwana n'kupatsidwanso ake akangobadwa, chiwerengerochi chimatsika pansi pa 5, ndipo tizilombo tikakhala tosaoneka chimatsika kwambiri kuposa pamenepo. Pa kuyamwitsa chiopsezo sichifika pa ziro kwenikweni, koma chimachepa kwambiri moti WHO imalangiza amayi amene ali pa mankhwala, m'mayiko amene akutsatira ndondomeko yoyamwitsa, kuti aziyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira n'kupitiriza mpaka chaka kapena kuposerapo.

Malinga ndi UNAIDS, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za Edzi, mu 2024 anthu pafupifupi 40.8 miliyoni anali ndi HIV padziko lonse, ndipo 31.6 miliyoni anali pa mankhwala. M'chaka chomwecho anthu 1.3 miliyoni anatenga kachilombo, ndipo 630,000 anamwalira ndi matenda okhudzana ndi Edzi, poyerekeza ndi oposa 2 miliyoni mu 2004. Ambiri mwa amene akumwalira lero ndi amene anadziwa mochedwa kapena anasiya mankhwala panjira, ndipo kusalana kuli ndi mbali yaikulu pa zonse ziwirizi, chifukwa munthu woopa kulozedwa chala amachedwa kuyezetsa ndipo amabisa mapiritsi ake.

Zotchinga kwa amene alibe kachilombo

Kondomu ikagwiritsidwa ntchito moyenera nthawi zonse imatchinga HIV, matenda ena komanso mimba. Mdulidwe wa abambo wochitikira kuchipatala umachepetsa ndi pafupifupi 60 peresenti mwayi woti mwamuna atenge kachilombo kwa mkazi, monga anasonyezera kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda pakati pa 2005 ndi 2007. Umachepetsa chabe, suchotseratu.

Palinso njira ziwiri zogwiritsa ntchito ma ARV omwewo poteteza, zomwe mayina ake amasokoneza. PEP ndi yangozi: kondomu ikang'ambika, munthu akagwiriridwa, kapena wachipatala akadzibaya ndi singano, amayamba mankhwala pasanathe maola 72 n'kumwa masiku 28. Ola lililonse lochedwa limachepetsa mphamvu yake. PrEP ndi yokonzekereratu: munthu amene alibe kachilombo koma ali pa chiopsezo amakhala ndi mankhwala m'thupi nthawi zonse, kuti HIV ikalowa ilephere kukhazikika. Inayamba ngati piritsi la tsiku ndi tsiku mu 2012, kenako kunabwera mphete yoika kumaliseche kwa amayi yosinthidwa mwezi uliwonse, jakisoni wa cabotegravir wa miyezi iwiri iliyonse, ndipo tsopano lenacapavir wa miyezi isanu ndi umodzi.

Nanga katemera ndi mankhwala ochiza?

Katemera amagwira ntchito poonetsa thupi chithunzi cha mdani kuti lidzamuzindikire akadzabwera. Pa chikuku zimatheka chifukwa kachilombo kake sikasintha nkhope, ndipo thupi la munthu wochira limadziwa kale kukagonjetsa. HIV imasintha nkhope mosalekeza, imaphimba timinga take ndi chovala cha shuga chomwe asilikali amalephera kuchigwira, ndipo m'masiku ochepa chilowereni imakhala itabisala kale m'maselo ogona. Katemera yemwe anayesedwa ku Thailand anateteza ndi 31 peresenti yokha malinga ndi zotsatira za mu 2009, ndipo ena akuluakulu amene anayesedwa pambuyo pake analephera. Ntchito yofufuza ikupitirira.

Anthu owerengeka achiradi HIV. Woyamba anali Timothy Ray Brown, amene ankadwala khansa ya m'magazi ku Berlin. Mu 2007 madokotala anamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu amene anabadwa wopanda loko wachiwiri uja, CCR5. Kachilombo kanasowa polowera, ndipo Brown anakhala zaka zoposa khumi osamwa ma ARV mpaka pamene anamwalira ndi khansa mu 2020. Adam Castillejo wa ku London ndi ena ochepa anachira m'njira yofanana. Koma chithandizo chimenechi n'choopsa, chimatha kupha, ndipo chimachitidwa pofuna kuchiza khansa, osati kwa munthu amene piritsi limodzi patsiku likumusunga bwino. Kupatula anthu ochepawa, palibe mankhwala, chitsamba kapena chakudya chomwe chatsimikizika kuti chimachotsa HIV m'thupi.

Jakisoni wa lenacapavir amene tinayamba naye uja ndi PrEP. Saphunzitsa thupi chilichonse monga amachitira katemera. Ndi mankhwala amene amakhala pansi pa khungu n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono, n'kumasokoneza chigoba chomwe chimakuta malangizo a kachilombo, ndipo akatha m'thupi chitetezo chake chimathanso. Wobayidwa amabwereranso pakatha masabata 26 aliwonse, ndipo ulendo uliwonse amayezedwa kaye, chifukwa munthu amene ali kale ndi HIV akalandira mankhwala amodzi okhawa kachilombo kake kakhoza kusiya kuwamva.